Tsiku Limene Ndinawerutsa Mwana wa Boma

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndipo musandimvere chisoni. Aphunzitsi ndi ine tinangoona kuti tatopetsana. Ndinalowa ntchito ya tiyi ndili ndi tindevu tiwiri, ndinatuluka mutu uli mbuu, nditakhala kapitawo zaka zambiri kuposa mano amene anditsalira mkamwamu. Ndiye atatsegula nyumba yosungirako ana olakwira malamulo cha kumsewu wopita ku Nchilamwela, ndinamva kutchalitchi kuti amayi oyendetsa nyumbayo akufuna munthu wodziwa kuyang'anira anthu. Ndinapita nditavala jekete yanga ya ukwati. Anandifunsa ngati ndinagwirapo ntchito ndi ana ovuta.

Ndinati, “Mayi, ine ndayang'anirapo amuna akuluakulu Lolemba m'mawa, atachezera kachasu Lamulungu. Ana anuwa ndi angelo.”

Anandilemba ntchito. Anandipatsa alonda anayi kuti ndiziwayang'anira, ndi dimba la m'kati mwa mpanda kuti anyamata aziphunziramo kugwira khasu. Malamulo anali ochepa koma olimba. Pamalopo sitinkati ndende, anawo sitinkati akaidi, ndipo mkwapulo unali woletsedwa ngakhale dzanja litayabwa chotani. Tsiku lililonse 5 koloko madzulo ana ankafola pabwalo n'kuwerengedwa, ndipo zonse za tsikulo zinkalembedwa m'buku lalikulu la pageti. Bukulo ndilo linkaweruza. Amayi ena a boma oona za ana ankabwera kudzaliwerenga, n'kunena kuti uyu abwerere kwawo, uyu akhalebe. Koma wothawa analibe mlandu wokamba. Akagwidwa ankatumizidwa kutali, kumalo a anyamata akuluakulu okhwima mitima, kumene mayi wa kuno sangakwanitse kukamuona.

Mwa alonda angawo munali mnyamata wina wa kuchigawo chapakati, kumene tiyi amangomudziwira m'kapu. Anali ndi satifiketi ya Folomu 4, ndipo zinkamuwawa kuti akulamulidwa ndi nkhalamba yolemba dzina lake lilime lili kunja. Ine ndinkamutcha “aphunzitsi”, iye ankanditcha “madala”, tinkakhala choncho. Sanali woipa mtima. Vuto lake linali foni. Chala chake chinkangosisita galasi lija ngati chikufufuza nsabwe.

Tsono mwana amene ndikufuna kukuuzaniyu anali wa zaka khumi ndi zinayi, wowonda, wamakutu oima. Anabadwira m'komboni ya esiteti, koma bambo ake atamwalira mayi ake anasamukira kumudzi wina kumbali ya ku Masambanjati. Anagwidwa akudula bulugama m'nkhalango ya esiteti, ndipo polimbana kuti apulumuke, mlonda wa nkhalangoyo anagwera pachitsa n'kuthyoka dzanja. Khoti linamutumiza kwa ife. Miyezi yonse imene anakhala, dzina lake silinadetsedwe m'buku ngakhale kamodzi. Anali atatsala ndi masabata atatu kuti amayi a boma aja abwere, ndipo tonse tinkadziwa kuti ameneyu akupita kwawo.

Linali Lachinayi, chiperoni chikuwaza tija timadzi tosanyowetsa koma tolowa m'mafupa. Anyamata anaima m'dimba manja m'khwapa, makasu akugwira ngati ndi njoka. Ndinalankhula, ndinanyengerera, palibe chochitika. Ndiye ukapitawo wakale unandikwera. Ndinayenda ndi ndodo n'kugawa mizere.

“Tamverani kuno! Lero ndi mgwazo. Aliyense mizere khumi ndi iwiri. Womaliza aweruke!”

Inu amene simunagwirepo ntchito pa esiteti, mawu amenewa si masewera. Mgwazo ndi ntchito yopimidwa: wapatsidwa pako, ukamaliza, kaya dzuwa lili pamutu kaya likadali ku Mulanje, umanyamula khasu n'kumapita kunyumba, ndipo ngakhale bwana wamkulu sangakufunse. Ine ndinkatanthauza kuti womaliza akakhale pakhonde azikasewera bawo. Ana a m'tauni anamva choncho. Koma uyu wa m'komboniyu mawuwo anayamwira kubere.

Makasu anayamba kulira. Nditaona kuti ntchito yagwira moto, ndinasiya mlonda wina wachikulire, wa mpingo wa Sabata, kuti aziwaona, ine n'kupita kukhitchini kukakangana ndi wophika za nyemba zofumbwa. Mkangano unakoma, ndinachedwa. Nthawi ya chakudya chamasana itakwana, mbale imodzi inatsala patebulo yopanda mwini.

Tinayang'ana kuchimbudzi, kogona, kuseri kwa thanki. Mizere yake khumi ndi iwiri inali yopalidwa bwino, yoyera ngati pabwalo la tchalitchi. Ndinapita pageti.

“Aphunzitsi, wamakutu uja mwamuona?”

Anadzutsa mutu pafoni. “Si mwamutuma ndinu, madala? Wadutsa pano khasu lili paphewa. Wati a kapitawo ati ndiweruke.”

“Ndiye inu n'kutsegula?”

“Ndimayesa akupita kunthochi.”

Kunja kwa mpanda, kumtsinje, tinali ndi kamunda ka nthochi kumene ana odalirika tinkawatuma nthawi zina. Koma ankapita ndi mlonda, osati okha, ndipo aphunzitsi ankadziwa zimenezo. Ndinaona nkhope yake ikusintha pamene zinamulowa. Anaika foni m'thumba, n'kukoka buku lija.

“Madala, tisapusepo apa. Tilembe kuti walumpha mpanda kuseri kwa chimbudzi. Waya ndi wakugwa kale pamenepo. Inu simunanene kanthu, ine sindinatsegule kanthu.”

Ndisakunamizeni, mawuwo anandikomera kwa kanthawi, monga mmene mowa umakomera munthu amene analumbira kuti wasiya. Ntchito imeneyi ndinkaifuna. Koma ndinaganiza za mwana uja ali pamsewu, akupatsa anthu moni, osadziwa kuti kumbuyo kuno amuna awiri akumusokera chovala cha wothawa. Ndinaika dzanja pabukupo.

“Aphunzitsi, amene walumpha mpanda ndi pakamwa panga. Bukuli limalembedwa 5 koloko, ndipo mudzalemba zimene zachitika. Zanga ndi zanu zomwe.”

“Atichotsa ntchito!”

“Mwina. Inu muli ndi satifiketi, mukapeza ina. Iye akapita kuja, adzabwera ali chinthu china. Tandibwerekani foniyo, lero igwireko ntchito.”

Amayi oyendetsa nyumba, abwana athu, anali kumsonkhano kuboma. Ndinawaimbira n'kuwafotokozera zonse osabisa.

Kenako anati, “A kapitawo, ine ndifika 5 koloko. Ndikapeza mwanayo palibe, ndiimbira apolisi, ndipo sindingachitire mwina. Komanso musamubweretse atamangidwa. Akabwera womangidwa, ndiye kuti anathawadi.”

Ndinapinda buluku mwendo wakumanja, n'kukwera njinga yanga.

Msewu wa m'minda ya tiyi ukagwa chiperoni umaterera ngati therere. Dothi lofiira lija linkamata matayala, ine n'kumatsika, kukokota ndi kamtengo, kukweranso. Pa munda wina ndinapeza amayi akuthyola tiyi, madengu kumsana, ena mwa iwo ndinawayang'anirapo kale.

“A kapitawo! Mwayamba mpikisano wa njinga ukalamba uno?”

“Ndikusaka mkazi wachiwiri, koma pano ndaona palibe. Mwaonako kamnyamata kamakutu, khasu paphewa?”

“Kadutsa kalekale! Kaulemu bwanji, katipatsa moni tonse. Kati kamasulidwa.”

“Kamasulidwa ndi ndani?”

“Kati ndi inu!”

Anaseka mpaka madengu kugwedera. Ine ndinapalasa.

Ndinafika pamudzipo cha m'ma 2 koloko, nditafunsira kawiri. Kanyumba kanali kumapeto, pafupi ndi kamunda ka tiyi ka banjalo, mizere yowerengeka yotsetsereka kumtsinje. Khasu la boma linali litatsamira pamtengo wa mapeyala. M'kamundamo munali anthu awiri: mayi wamng'ono thupi, ndi mwana wanga uja, dengu kumsana, manja onse awiri akudumpha pamwamba pa tiyi ngati anabadwa akuthyola. Mwana amene wangotuluka m'manja mwa boma, ena akanathamangira kumpira kapena kuvidiyo. Iye anafikira kudzaza dengu la mayi ake.

Mayiwo atandiona anathamanga n'kugwada m'matope momwemo, akuomba m'manja.

“Abambo, ndinu a kapitawo aja? Mulungu akudalitseni! Ndimati ndidikira masabata atatu, ndangoona mwana watulukira. Khalani pansi, ndaphika nyemba za kalongonda.”

Pa moyo wanga ndauzapo anthu kuti ntchito yatha, ndakanenapo maliro kumakomo a anthu. Koma pakamwa sipanandilemerepo ngati tsiku limenelo. Ndinakhala pachitsa n'kuvula chipewa.

“Mayi, dzukani, musandigwadire. Ine ndabwera ndi manyazi. Mwanayu sanamasulidwe. Ndalankhula mawu a ku esiteti pamalo pamene si pa esiteti. Ndabwera kudzamupempha kuti tibwerere.”

Mwana uja anatula dengu pang'onopang'ono.

“Munanena ndinu, agogo. Munati womaliza aweruke. Ine ndamaliza. Kapena mizere yanga mwaipeza ndi udzu?”

“Ilibe ndi kamodzi komwe.”

“Ndiye ndalakwa chiyani?”

“Iwe palibe. Wolakwa ndi uyu wakhala pachitsayu.”

Mayi ake anayamba kulira mokweza, akulankhula Chilomwe mofulumira, kufunsa Mulungu chimene anamulakwira. Kulirako kunaitana mlongo wawo, amalume a mwanayo, bambo wamtali amene anatulukira kuseri kwa nthochi chikwanje chili m'manja. Atamva nkhani yonse, anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

“Ndiye mukufuna timuperekenso? Akafika kumeneko mukamumenya, mukamutumiza kutali. Ife si ana. Ameneyu mawa kukacha ali ku Mozambiki kwa azakhali ake. Malire si patali. Boma lanulo likamusake kumeneko.”

Mwana uja anayang'ana amalume ake, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti njira imeneyo yamukomera. Dzuwa silinkaoneka chifukwa cha nkhungu, koma wotchi yanga inkati 3 koloko yayandikira. Kumugwira sindikanatha, ndipo ngakhale ndikanatha, abwana anali atandiletsa. Chimene ndinali nacho ndi pakamwa pomwe panandilakwitsapo.

“Achimwene,” ndinatero kwa amalumewo, “chikwanjecho tachiikani pansi, ine nyama yanga ndi yolimba, mungangochibunthitsa. Ku Mozambiki apitadi, palibe angamuletse. Agogo athu anachokera komweko, njira tonse timaidziwa. Koma adzabwera liti? Mayi akewa akadwala, adzabwera usiku ngati fisi? Akamva galimoto pamsewu azidzathawira m'tiyi mpaka adzamere imvi?”

Ndinatembenukira kwa mwanayo.

“Iwe, bambo ako anagwira ntchito pa esiteti. Tandiuza. Munthu wapatsidwa mgwazo, walima tsiku lonse, kwatsala mizere itatu, n'kutaya khasu kumapita. Kapitawo amalemba chiyani?”

Anayang'ana pansi. “Amalemba kuti sanagwire.”

“Mizere yonse ija walima?”

“Imapita pachabe.”

“Eya. Mgwazo wanga wa m'dimba wamaliza, ndipo palibe anaumalizapo msanga chotero. Koma pali mgwazo wina umene anakupatsa a khoti. Umenewo kwatsala mizere itatu. Ukautaya lero, miyezi yonse ija wadya nyemba zofumbwa yapita pachabe.”

“Nanga akakandilemba kuti ndinathawa?”

“Ndiye akayambe alemba ine. Ndawauza kale abwana kuti mawu ndinanena ndine. Sindikulonjeza kuti zikatha bwino, ine si woweruza. Chimene ndikulonjeza n'chakuti m'bukumo simulowa bodza ine ndili moyo. Koma tikafike 5 koloko isanakwane, ndipo pageti ukalowe wekha.”

Amalume aja anayamba kunena zina, koma mayiwo anawadula. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, n'kupita pamtengo wa mapeyala paja, kutenga khasu la boma, kumupatsa mwana wawo m'manja.

“Tenga. Pakhomo pano sipanakhalepo katundu wa eni. Ukamalize, ubwere masana anthu akuona.”

Anamukulungira kalongonda m'tsamba la nthochi. Ine sanandipatsenso, ndipo sindikuwadandaula.

Tinanyamuka, ine ndikupalasa, iye pakaliyala khasu lili pamiyendo. Tinayenda bwino mpaka pachitunda chachikulu chotulukira kumtsinje. Pamenepo miyendo yanga inakana. Ndinatsika, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Nthawi inali itadutsa 4 koloko, ndipo njira inali ikadalipo yambiri.

“Agogo, mufera pano. Khalani kumbuyo.”

“Iwe ungandinyamule? Ndine wolemera ndi machimo.”

“Gwirani khasuli.”

Ndiye anthu a m'njira anaona zachilendo: mwana wa boma akupalasa kubwerera kumene anachoka, womugwira atakhala pakaliyala ngati mkwatibwi, atakumbatira khasu. Amayi a madengu aja tinawapeza akuchokera kusikelo koyezetsa tiyi. Sindikuuzani zimene anakuwa, pakuti ena mwa inu ndi a mpingo.

Tili m'njira ndinamufunsa kumsana kwakeko. “Tandiuza zoona, mphwanga. Sunadziwe ngakhale pang'ono kuti kuweruka kwake si kumeneko?”

Anapalasa kaye kangapo.

“Pageti sindinadziwe. Nditafika pamlatho ndinayamba kukayika. Koma miyendo inali itamva kale fungo la kwathu.”

“Zimenezo ukanenenso choncho akakufunsa. Usakachotsepo, usakawonjezere.”

Ngakhale anapalasa mpaka malaya kumata pamsana, 5 koloko inatikwanira tili panjira. Pamene denga la nyumba yathu linkaonekera, wotchi inali itapitirira ndi mphindi khumi ndi zisanu. Galimoto ya abwana inali pabwalo. Ndinamuuza kuti aime patali pang'ono ndi geti. Ndinatsika, ndinamupatsa khasu, ine n'kugwira njinga.

“Pita. Ine ndikhala pano mpaka utalowa.”

Anayang'ana geti, anayang'ana msewu umene tinadzera. Ndinadziuza kuti akathamanga sindikuwa. Anakweza khasu paphewa n'kuyenda.

Ndili pamsewupo ndinkamva mawu a aphunzitsi pabwalo akuwerenga ana mokweza. Akafika chapakati ankati, “Pepani abwana, ndasokoneza, imani bwino inu,” n'kuyambiranso. Ndinamva pambuyo pake kuti kameneko kanali kachinayi. Munthu wa Folomu 4, masamu a ana osakwana makumi awiri anamuvuta tsiku limenelo, ndipo abwana anaima pomwepo foni ili m'manja, akumuyang'ana, osaimbira apolisi.

Mwana uja anagogoda pageti.

“Odi! Ndabwera.”

Nditalowa ine, abwana anatiitanira patebulo la pageti. Sanaseke, ndipo sanakalipe. Anatsegula buku n'kupatsa aphunzitsi cholembera. Aphunzitsi anandiyang'ana kamodzi, kenako analemba, akuwerenga mokweza kuti nane ndimve: kuti kapitawo anagawa mgwazo n'kunena kuti womaliza aweruke, kuti mlonda wa pageti anatsegula osafunsa chifukwa anali pafoni, kuti mwanayo anapita kwa mayi ake, ndipo anabwera yekha n'kugogoda nthawi yowerenga itapitirira. Pa mawu akuti “anali pafoni” dzanja linaima pang'ono, koma linapitiriza. Tinasaina tonse awiri, ine lilime lili kunja monga mwa masiku onse.

Mawa lake aliyense wa ife analandira kalata ya chenjezo. Yanga inali m'Chingerezi, ndiye ndinapempha aphunzitsi kuti andiwerengere. Anawerenga mokoma kwambiri, mwina kuposa mmene anawerengera yawo.

Koma kalata sizinali kanthu. Chimene chinkatidya ndi masabata atatu aja, chifukwa abwana anatiuza poyera kuti iwo alemba zoona, koma kumasulira zoonazo ndi kwa amayi a boma. Akati kutuluka pageti popanda chilolezo ndi kuthawa basi, mwanayo apita. Masiku amenewo mwana uja sankadya bwino. Ndinkamupatsa ntchito pafupi ndi ine, tikumanga timipanda ta tomato, ndikumunamiza nkhani za njoka zimene ndinapha m'tiyi kuti aseke. Ndinapemphanso abwana kuti tsikulo andilole kulowa ndikalankhule ndekha. Anati si mwambo wake. Ndinapempha mawa lake, ndi mkuja wake, mpaka anati, “A kapitawo, mudzalowe, koma mundisiye ndipume.”

Amayi a boma anabwera Lachitatu m'mawa, a magalasi ochindikala, osakonda kuseka. Anawerenga tsamba lija kawiri. Anandifunsa kuti mgwazo n'chiyani, pakuti iwo anakulira m'tauni. Ndinaimirira n'kufotokoza, ndi manja omwe, mpaka anandiuza kuti ndikhale pansi, amva. Kenako anaitanitsa mwanayo.

“Unkadziwa kuti sunamasulidwe?”

“Pageti ayi. Pamlatho ndinakayika, koma ndinapitirira.”

Mtima wanga unati phaa, ngakhale ndinamuphunzitsa ndine kuti asachotsepo.

“Ndamva kwa a kapitawo kuti amalume ako ankafuna kukuwolotsa malire. Unabwereranji?”

Mwanayo anakanda khutu.

“Amayi anati ndikamalize. Komanso agogowa sakanakwera chitunda chija okha.”

Amayi a boma anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Atawavalanso analemba mizere ingapo, n'kudinda chidindo.

“Lolemba mayi ako abwere adzakutenge. Ndipo inu a kapitawo, pakamwa panupo muzipayang'anira monga mmene mumayang'anira alonda.”

Lolemba mayi a mwanayo anafika m'mamawa, geti lisanatsegulidwe, atavala chitenje chatsopano. Amalume aja anabwera nawo, anandipatsa moni wa dzanja limodzi, maso ali kumbali. Abwana anawerenga pepala, mayiwo anadinda chala, aphunzitsi anatsegula geti lonse mbali ziwiri ngati mukutuluka galimoto. Mwanayo anatsanzika anzake mmodzimmodzi, n'kutuluka pakati pa mayi ake ndi amalume ake, dzuwa lili ngwee, anthu opita kuntchito akuona.